Chingambwe cha Apongozi

Lenia atabwerako kuchipatala, anapeza kapu yake itamangidwa kansalu kofiira pa chogwirira. Mbale yake nayonso inali payokha pamwamba pa kabati, kutali ndi zinzake. Sanafunse kuti wachita zimenezi ndani. Pakhomo pa Twahir, mwamuna wake, ku Lirangwe, panali munthu mmodzi yekha amene ankalowa m'khitchini ya eni ake osaodira. Munthuyo anali a Maliyamu, mayi ake a Twahir, amene nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda womwewo.

Lenia anali atagona kuchipatala chachikulu ku Blantyre nthawi yaitali. Matenda anayamba ngati kachilonda m'kamwa, kumunsi kwa tsaya lamanzere, kosapweteka n'komwe. Kachilonda kaja kanakula, mano anayamba kugwedera, ndipo madokotala atadulako kanyama n'kukapima anati ndi khansa. Anamuchotsa mbali imodzi ya chibwano. Tsopano nkhope yake inali yopendekeka, mlomo wam'munsi sunkatsekeka bwino, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anthu onse anali atataya kale masiki a korona, koma Lenia ankavalabe yake, ngakhale popita kuseri kwa nyumba.

Twahir atalowa kudzadya masana, Lenia anamuonetsa kapuyo.

"Bambo a Bushra, kapu yanga yalakwa chiyani?"

Twahir anayang'ana kansaluko, kenako anayang'ana kudenga ngati kuti yankho lili m'malata. "Amayi angofuna kusamala basi. Musazitengere kumtima."

"Adokotala anati khansa sapatsirana. Munalipo, munamva ndi makutu anu."

"Ndinamva. Koma amayi mukuwadziwa."

Ankawadziwadi. Twahir ankagula nandolo ndi chimanga kwa alimi a ku Chigaru, ndipo pa sikelo pake panalibe womuposa pakamwa. Ankatha kukangana ndi dalaivala wa lole mpaka dalaivalayo kupepesa. Koma mayi ake akangotsokomola kuseri kwa mpanda, bambo yense uja ankasanduka nkhuku yovumbwa. Lenia anapirira zimenezi zaka zambiri. Iye kwawo kunali ku Chileka, mwana wa mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo analowa m'banjali ali kale ndi mwana, Madalo, amene bambo ake anamwalira pa ngozi ya minibasi. Zinthu ziwirizi a Maliyamu sanazikhululuke: mpongozi wokana kusiya tchalitchi chake n'kulowa Chisilamu, ndi mwana wopeza amene iwo ankamutcha "katundu wa amake". Kwa iwo mdzukulu anali Bushra yekha, amene Lenia anabereka ndi Twahir.

Za kapu Lenia akanatha kuzisiya. Chimene chinamudzutsa pamphasa chinadza Loweruka lotsatira.

Madalo anali atakula tsopano. Ankagulitsa mu shopu ya mafoni pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka, ndipo ankakhala kwa amalume ake komweko. Anali pa chibwenzi ndi Lumbani, mnyamata wa zachitetezo pabwalo la ndegelo, ndipo ankhoswe a mbali zonse anali atagwirizana kale mwezi wa chinkhoswe. Masiku onse amene Lenia ankamwa phala kudzera m'kapaipi, chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chimenechi, choti adzaone mwana wake wamasiye akulandiridwa ndi banja lolongosoka. Tsiku limenelo Madalo anatsika minibasi, nalowa m'nyumba osapereka moni, n'kumenyetsa chitseko cha kuchipinda mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Lenia anamupeza atagona chafufumimba pabedi, akulira mosisima.

"Iwe Madalo, kwagwanji?"

"Aimitsa chinkhoswe, amayi."

"Waimitsa ndani?"

"A Dailesi, amayi ake a Lumbani. Anakumana ndi agogo a Maliyamu pa maliro ku Mdeka. Agogo awauza pamaso pa azimayi onse kuti matenda anuwa ndi akumtundu. Akuti amayi anu anafanso ndi chotupa cha pakhosi, inu mwatsatira, wotsatira wina ndine. Akuti, 'Kodi mukufuna zidzukulu zopanda chibwano?'" Madalo anadzuka, maso ali psuu. "Ndiye akuti ngati si zakumtundu, ndi zija amanena pawailesi zija, za kachilombo kotengera chiwerewere. Akuti a Dailesi asankhe okha chimene chawakomera."

"Nanga Lumbani akuti bwanji?"

"Akuti ndidikire kaye, amayi ake mtima ukhale pansi. Ndidikire chiyani, amayi? Ndidikire nkhope yanga iwole?"

Mawu amenewo anamupweteka Lenia kuposa bala la opaleshoni, koma sanalire. Anavala masiki yake, namanga chitenje molimba, n'kuzungulira mpanda.

Anawapeza a Maliyamu pakhonde akusefa chingambwe. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo, ndiponso ulemu wawo wonse. Ankasinja fodya wouma, kusakaniza ndi phulusa la mapesi ndi timadzi pang'ono, n'kumanga m'timapepala. Azimayi ankatsina pang'ono n'kuika kuseri kwa mlomo, ndipo pa msika wa Lirangwe aliyense ankavomereza kuti chingambwe cha a Maliyamu chilibe chinzake.

"Amayi, mwana wanga wakulakwirani chiyani?"

"Masiku ano odi anatha eti?" anatero a Maliyamu osatukula mutu. "Ine ndinangonena zimene ndikudziwa. Anthu aja anandifunsa, ndiye ndikanawanamiza? Walahi, ine bodza ayi. Amayi anu sanafe ndi chotupa pakhosi?"

"Chinali chithokomiro, ndipo anakhala nacho mpaka kukalamba. Chinawapha ndi shuga."

"Chotupa ndi chotupa. Kwathu kuno zoterezi kulibe. Bushra yekha ndiye wapulumuka, poti watengera magazi a bambo ake." Anagwedeza sefa uja kawiri katatu. "Ndipo poti mwabwera nokha, imvani. Mwana wanga akadali mnyamata. Akufunika mkazi wa nkhope yathunthu woti azikhala naye pa shopu."

Malovu anali atanyowetsa masiki yonse ya Lenia.

"Pa ine mukanalasa mmene mungathere, amayi. Koma mwalasa pa mwana."

"Mukundiopseza?"

"Ayi. Ndangokuuzani kuti ndamva."

Anabwerera kwake mwakachetechete. Kuyambira tsiku limenelo Lenia anadana nawo apongozi akewo ndi mtima wake wonse, ndipo sanapemphe n'komwe Mulungu kuti amuchotsere chidanicho. Ankaphika, ankachapa, ankawapatsa moni mogwada ngati kale. A Maliyamu anayesa kuti nkhani yatha, kuiwala kuti mlandu suola.

Patapita milungu ingapo, foni inalira kuchokera kuchipatala. Asanamuchite opaleshoni, Lenia anali atavomera kulowa nawo m'kafukufuku wa khansa za m'kamwa ndi pakhosi. Anamutenga magazi, natenganso kachidutswa ka chotupa chija, n'kuzitumiza kunja kukapimidwa mozama. Tsopano zotsatira zinali zitabwera. Lenia anaumirira kuti Twahir apite naye, ndipo Twahir anatseka sikelo yake monyinyirika.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula modekha. Atamuona bala, anakokera mpando pafupi.

"Mayi, ndiyesa kufotokoza mosavuta. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo iliyonse ili ndi malangizo ake oitsogolera, amene timawatcha DNA. Khansa imayamba malangizo amenewa akawonongeka. Ndiye tinayang'ana m'chotupa chanu kuti tione zizindikiro za chimene chinawawononga. Choyamba tinafufuza kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsanso khansa ya khomo la chiberekero. Sitinakapeze, ngakhale chizindikiro chake."

"Kachilombo kaja amati n'kachiwerewere?" anafunsa Lenia.

"Anthu amatero, ngakhale kuti kamagwira aliyense, ndi a banja lokhulupirika omwe. Koma m'chotupa chanu mulibe."

Lenia anatembenuka kuyang'ana mwamuna wake. Twahir anali kalikiliki kukonza wotchi yake imene inalibe vuto lililonse.

"Chachiwiri," anapitiriza dokotala, "mwa malangizo aja muli ena amene ntchito yawo ndi ya ulonda. Selo ikawonongeka, mlonda ameneyu amailetsa kuchulukana. Dzina lake timati TP53. M'chotupa chanu tamupeza wowonongeka, koma m'magazi anu ali bwinobwino. Mukanakhala kuti munabadwa nalo vutoli, tikanalipeza konsekonse, m'magazi momwe. Lili m'chotupa mokha. Ndiye kuti linayambira pamalo pomwepo, mutakula kale."

"Adokotala, nenani bwinobwino kuti bambo awa amve. Mwana wanga Madalo angatengere kwa ine?"

"Kuwonongeka kumeneku simungamupatsire ayi. Si kwakumtundu." Dokotala anayang'ananso zotsatira zija. "Koma pali chimene chikundidabwitsa. Mmene malangizowo awonongekera, ndi mmene timaonera kawirikawiri mwa anthu a fodya. Chonsecho munatiuza kuti simusuta."

"Sindinasutepo chibadwire."

"Nanga woika m'kamwa? Chingambwe?"

Chingambwe Lenia sankachiwerengera m'gulu la fodya. Fodya anali wa azibambo, wa utsi. Chingambwe chinali mankhwala a azimayi. Anakumbuka ali ndi pakati pa Bushra, malovu akungodzaza m'kamwa, dzino la kumanzere likumusowetsa tulo. Tsiku lina a Maliyamu anamuitana pakhonde, namuuza kuti ayasamule, natsina chingambwe n'kumuika kuseri kwa mlomo ndi chala chawo chomwe. Dzino linaleka kuwawa. Chimenecho chinali chifundo chokhacho chimene apongozi akewo anamuchitirapo, ndipo Lenia anachigwiritsa. Bushra anabadwa, nayenda, nayamba sukulu, koma madzulo aliwonse Lenia ankapitabe pakhonde paja kukalandira kapepala kake. Inali nthawi yokhayo imene awiriwa ankakhala pamphasa imodzi osakangana.

"Ndakhala ndikuika zaka zoposa khumi," anatero motsitsa mawu.

"Mbali iti?"

Lenia anakweza dzanja, naloza pamene panalibenso chibwano.

Dokotala anagwedeza mutu. "Sindinganene kuti ndi fodya yekha, mayi, matenda amenewa amakhala ndi zoyambitsa zingapo. Koma zizindikiro zikuloza komweko. Musadzaikenso. Ndipo muzibwera pa masiku amene takupatsani osaphonya, chifukwa khansa yamtunduwu imakonda kubwerera."

Atatuluka panja, Twahir anamugwira mkono asanafike pokwerera minibasi.

"Amake Bushra, chonde, zimene tamvazi zithere pompano."

"Zithere pompano? Chinkhoswe cha mwana wanga chili pansi, inu mukuti zithere pompano?"

"Amayi ndi munthu wamkulu. Akamva kuti ndi chingambwe chawo, BP iwapha. Iwo sankadziwa."

"Za chingambwe sankadziwa, inde. Nanga za ku Mdeka sankadziwanso? Tiyeni ku Chileka, mukanene kwa a Dailesi zimene mwamvazi. Mawu a mwana wawo wa a Maliyamu akawakhulupirira."

"Ine ndikaime pamaso pa alendo kunena kuti amayi anga ndi abodza? Zimenezo ayi."

Lenia anachotsa mkono wake pang'onopang'ono. Twahir anakwera ya ku Lirangwe, iye anakwera ya ku Chileka.

A Dailesi anamulandira bwino, ndi tiyi ndi mawu a chifundo. Anali mayi wa Mvano wodziwika, mkazi wa mkulu wa mpingo, wa mtundu uja woti akamakukana amayamba ndi pemphero. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto, kenako anapinda manja pamiyendo.

"Mayi, ine sindikukutsutsani. Koma mayi aliyense amaikira kumbuyo mwana wake, inenso ndikanatero. Amene ananena mawu aja si munthu wapanjira, ndi apongozi anu, odziwa za m'nyumba mwanu. Ndipo ananena pagulu. Abale a bambo ake a Lumbani anamva, azimayi a mpingo anamva. Ine ndikawauza chiyani? Amene anamanga ndiye amasule. Abwere adzanene pamaso pa anthu omwewo kuti ananama, chinkhoswe chichitika."

Madzulo a tsiku lomwelo Lenia anakagwada pakhonde pa a Maliyamu. Anawafotokozera zonse zimene dokotala ananena, osawonjezera kanthu. Anawapempha, misozi ikutsika, kuti apite ku Chileka akabweze mawu awo. A Maliyamu anaseka mpaka kutsokomola.

"Chingambwe? Agogo anga ankaika, amayi anga ankaika, ine ndikuika mpaka lero, chibwano changa si ichi? Madokotala a masiku ano akasowa chonena amangogwira chilichonse. Ine ndipite ku Chileka, kwa Akhristu, ndikadzitche wabodza chifukwa cha katundu wanu? Malovu ukalavula sabwereranso m'kamwa. Dzukani, mukundidetsera khonde."

Lenia anadzuka, napukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Kumeneko kunali kupempha kwake komaliza.

Tsiku la msika linafika. Malo a a Maliyamu anali pansi pa mtengo wa mthethe, pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa usipa, ndipo anali akhalapo kuyambira Twahir ali wa kabudula. Anayala thumba lawo, nakhazika lichero lodzaza timapepala. Azimayi a ku Chigaru ndi ku Mdeka anali atayamba kale kufika, madengu pamutu. Ndipamene Lenia anatulukira atanyamula kampando. Anawapatsa moni apongozi ake mwaulemu, nakhazika kampandoko pambali penipeni pa lichero, nakhala. Kenako anavula masiki, naipinda bwinobwino, n'kuiika pamiyendo.

Panalibe munthu wa pa Lirangwe amene anali ataionapo nkhope imeneyo. Tsaya lamanzere linali lolowa m'kati, chipsera chinatsika kuchokera kukhutu mpaka pakhosi, ndipo malovu ankadontha pamene mlomo sunkakumana. Mayi wa tomato anagwira pakamwa. Lenia anachita manyazi oti akanalowa pansi, koma chidani chinamugwira msana kuti ukhale chilili.

Woyamba kufika pa lichero anali mtsikana wapakati, mimba ili patsogolo. Anatambasula dzanja kuti atenge kapepala, maso ake n'kugwera pa Lenia. Dzanja lija linaima m'malere.

"Mayo! Amayi, munatani?"

"Ndi chingambwe chimenechi, mwanawe," anayankha Lenia mwa mawu ake olemera aja. "Ndinayamba ndili ngati iwe, chifukwa cha malovu. Koma usaope, iwe umagula. Ine ankandipatsa ulere, poti ndine mpongozi wawo."

Mtsikana uja anabweza dzanja, nalipukuta pachitenje, n'kuchoka chothamanga. Anthu anayamba kuunjikana. A Maliyamu anadzuka, mpango utasendemuka pamutu.

"Choka apa, mfiti iwe! Ndinakuika m'kamwa ndine?"

"Tsiku loyamba, eya. Ndi chala chomwe mukundilozeracho."

Gulu lija linati "Hii!" pamodzi. A Maliyamu anatukwana, anatemberera, anaitana dzina la Mulungu kuti awachitire umboni. Lenia anangokhala phee, nkhope poyera, akupukuta malovu ndi kansalu. Aliyense womufunsa ankamuyankha zomwezo, mofatsa, n'kuwonjezera kuti adokotala anapima mpaka kunja ndipo anapeza kuti si zakumtundu. Pofika masana lichero linali likadali lodzaza monga linabwerera.

Twahir atamva, anatseka shopu n'kuthamangira kunyumba. Anamupeza mkazi wake akusenda anyezi ngati kuti palibe chachitika.

"Mwatichititsa manyazi Lirangwe yense! Adokotala sanatchule dzina la amayi anga!"

"Sanatchule. Dzina ndatchula ndine."

"Mukapitakonso ndikupatsani talaka, banja lithe, ndikunenetsa!"

"Perekani, bambo a Bushra. Banja ndi lanu, mutha kulithetsa. Koma msika si wanu."

Twahir anamenyetsa chitseko n'kutuluka. Talaka sanapereke, komanso kuyambira tsiku limenelo ankadya kwa mayi ake.

Tsiku la msika lotsatira Lenia anabweranso ndi kampando kake. A Maliyamu anasamukira kumbali ya ogulitsa makala, iye anawatsatira. Anasamukira kumsewu, pafupi ndi a kabaza, anawatsatiranso. Mbiri inafika ku Mdeka, inafika ku Chigaru. Azimayi amene kale ankaima kucheza nawo a Maliyamu tsopano ankadutsa chapatali atayang'ana kumbali, ena akutokosa m'kamwa mwawo ndi lilime mwamantha. Ngakhale kumzikiti Lachisanu, anzawo ankawasiyira mkeka waukulu okha. Mayi amene ankayenda pamsika ngati mwini wake anayamba kuonda, ndipo ankabwerera kunyumba ndi lichero lake lodzaza, atalivundikira nsalu kuti anthu asaone. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Maliyamu anausiya ku Mdeka, unadzawapeza pansi pa mthethe.

Lenia sanawamvere chisoni ngakhale pang'ono. Ankabwerako kumsika mutu ukuwawa, bala likuyabwa ndi fumbi ndi dzuwa, koma ankagona tulo tabwino.

M'mawa wina akusesa pabwalo, anamva mawu pachipata.

"Odi."

Anali a Maliyamu. Chikwatiwire chake Lenia anali asanawamvepo akuodira pakhomo pake. Analowa, nakhala pansi pa dothi, osadikira mkeka.

"Amake Bushra, mwanditha. Pamsika paja ndipo ndinalerera ana anga, bambo awo atamwalira. Ndilibe kwina. Anthu akunditcha wakupha. Ine sindinafune kukuphani, Mulungu akudziwa, ndinkafuna dzino lanu lipole." Misozi inayamba kutsika m'makwinya a nkhope yawo. "Ndichite chiyani kuti mundileke?"

Lenia anatsamira tsache lake. "Mukudziwa kumene kuli Chileka."

Anapita Lamlungu masana, anthu atatuluka m'tchalitchi. Pakhonde pa a Dailesi panadzaza: ankhoswe a mbali zonse, azakhali a Lumbani, ndi azimayi a Mvano amene analipo pa maliro a ku Mdeka. Lumbani anaima pakona, akulephera kumuyang'ana Madalo kumaso. A Maliyamu anakhala pakati pa bwalo atafunda mpango wakuda, ndipo poyamba mawu awo sankamveka.

"Kwezani mawu, amayi," anatero Lenia. "Ku Mdeka munamveka bwinobwino."

A Maliyamu anakweza mawu. "Zimene ndinanena zija ndinanama. Matenda a amake Bushra si akumtundu, si achiwerewere. Amayi awo anali ndi chithokomiro chabe, ndipo ine ndinkadziwa. Ndinanena chifukwa mwanayu sindinkamufuna." Anatembenukira kwa Madalo. "Madalo, mdzukulu wanga, undikhululukire."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina lake, ndipo Madalo analira mokweza, atabisa nkhope pachifuwa pa amalume ake. A Dailesi anatsogolera pemphero lalitali. Ankhoswe anapita kuseri kwa nyumba kukanong'onezana, nabwerako ndi tsiku la chinkhoswe. Wina anaimba nthungululu. Lumbani anadzagwada pamaso pa Lenia kupepesa, ndipo Lenia anangomuuza kuti, "Ukadzamvanso za mkazi wako, uzidzamufunsa iyeyo, osati amayi ako."

Powaperekeza kokwerera minibasi, Madalo anagwira dzanja la mayi ake.

"Amayi, zatheka. Basi tsopano, muzipuma. Agogo aja avutika mokwanira."

Lenia anamusisita mwana wakeyo kumutu, namuuza kuti ayambe kuganiza za nsalu ya chinkhoswe.

Tsiku la msika lotsatira a Maliyamu analawirira. Anasesa pansi pa mthethe paja, nayala thumba, nakonza timapepala tawo m'mizere. Kwa nthawi yoyamba m'milungu yambiri anamupatsa moni mayi wa tomato mwansangala. Mayi wina wachikulire wa ku Chigaru anali ataima kale patsogolo pawo, akumasula mfundo ya chitenje, pamene a Maliyamu anatukula maso n'kuona Lenia akubwera pakati pa anthu, kampando kali m'manja.

"Amake Bushra, si ndinapita ku Chileka? Si ndinadzinyazitsa pamaso pa anthu? Mawu aja ndinabweza!"

"Munabweza, amayi, ndipo zikomo. Amenewo anali a Madalo." Lenia anakhazika kampando pambali pa lichero, nakhala, navula masiki. "Lero ndabwerera changa. Bwezani chibwano changa, ndichoke."

Mayi wa ku Chigaru uja anamanganso mfundo yake n'kumapita. A Maliyamu anayang'ana mpongozi wawo, anayang'ana lichero. Anasonkhanitsa timapepala tija, ena akugwera m'fumbi, napinda thumba lawo. Anasenza lichero n'kudutsa pakati pa msika akulira poyera, ndipo palibe amene anawaitana.

Lenia anakhalabe pansi pa mthethe paja mpaka msika unatha, kuopa kuti angabwererenso.